Kakoilo Kofiira

Linali tsiku la msika pa Manjawira. Maynard anali atawerama patebulo lake pakhonde la golosale ya Mayi Salome, chitsulo chowotcherera chili pambaula chifukwa magetsi anali atathima kuyambira m'mawa.

"Odi, achimwene! Okonza mawailesi aja ndinu?"

Atadzutsa mutu anaona mtsikana wamtali, wakuda mosalala, atabereka kanthu kumsana ndi chitenje chobiriwira. M'zikhadabo zake munali dothi lofiira la mbatata ya kachewere.

"Ndine. Koma ana sindikonza, achemwali. Chipatala chili uko."

Mtsikanayo anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene mtima uli m'mwamba. Anamasula chitenje, natsitsa katunduyo mosamala. Sanali mwana. Inali wailesi yakalekale ya bokosi lathabwa, kutsogolo kwake kuli nsalu yoderako ndi singano yofiira yosakira masiteshoni.

Maynard anaiyang'anitsitsa. Anacheukira pashelefu kumbuyo kwake, pomwe panali wailesi ina ikuimba chapansipansi. Zinali ngati mapasa!

Ya pashelefuyo inali ya malemu bambo ake, a Gracious, amene anabwera nayo kuchokera kumigodi ya ku Joni Maynard asanabadwe. Bambowo atamwalira, iye ali chaka chachiwiri kukoleji ya zamagetsi, achibale anasesa zonse: malata, njinga, mbuzi, ngakhale mipando. Wailesi yokhayo anaisiya poiona kukalamba. Sukulu inathera pomwepo. Chimene Maynard anatsala nacho cha bambo ake chinali bokosi limenelo, ndi luso la m'manja limene anamuphunzitsa.

"Yatani?" anafunsa.

"Yangosiya kulankhula. Dzina langa ndine Regina, ndimabwera ndi mbatata kuchokera ku Mlangeni. Ndithandizeni, chonde."

Maynard anaika mabatire, nayatsa. Munangomveka phokoso la *shiii*, ngati mvula yowaza padenga lamalata. Anayendetsa singano uku ndi uku. Palibe munthu, palibe nyimbo.

Atatsegula kumbuyo anagwira mutu.

"Achemwali, muno munalowa ndani?"

Regina anayang'ana pansi.

"Munkatuluka mphemvu. Ndinatsegula kuti ndisesemo. Ndiye ndinaona timabokosi tachitsulo ito, pamwamba pake pali tomangira tamitundumitundu, kachikasu, koyera, kakuda, kofiira. Nditagwira ndinaona kuti tikuzungulira. Ndinati tamasuka ndi ukalamba. Ndinatenga mpeni n'kumanga tonse bwinobwino."

"Ndi mpeni!"

"Kofiirako kanalira kuti *the!*"

Maynard anatseka maso. Anawamva bambo ake ngati ali pomwepo: "Mwanawe, kakoilo kofiira sakhudza ndi chitsulo. Mkati mwake muli kamtima kofewa ngati khala."

"Timeneti sitomangira," anatero mofatsa. "Anatisiya chomwecho dala. Tinato ndikhoza kutibwezera m'malo mwake. Koma kofiiraka, ife timati koilo ya osileta, ndi kamene kamachititsa kuti wailesi imve. Dikirani muone."

Anatsitsa wailesi ya bambo ake, naigundanitsa ndi ya Regina.

"Wailesi yamoyo imaimba kamluzu kake kamene khutu la munthu silimva. Koma inzake ikakhala pafupi, imakamva. Yanuyi ikakhala kuti ikadali ndi moyo, yangayi ilira kuti *pyooo*."

Anayendetsa singano pang'onopang'ono. Onse awiri anawerama, mitu yawo pafupifupi kugundana. Regina ankanunkhira utsi wa nkhuni ndi sopo wotsika mtengo.

Zii.

Anayeza ndi mita yake yoyezera magetsi. Kawaya ka mkati kanali kataduka, kamtima kaja katang'ambika.

"Pepani. Zipangizo za wailesi zoterezi zinatha kalekale. Kaisungeni ngati chikumbutso."

Misozi inangoti mbwee! Regina anakhala pansi pasimenti, anthu a mumsika akumuona.

"Ndi ya bambo anga, a Silvester. Maso awo anachita ng'ala, ndiye wailesiyi ndiyo maso awo. Salola munthu kuigwira. Panopa ali ku Lilongwe kudikira opaleshoni. Akabwera n'kupeza ndaipha, ndilowera kuti ine? Mayi anamwalira, ndimawasamala ndekha."

"Nanga alamu athu sangathandize?"

"Alamu ake ati? Angafune ndani mkazi wonunkha dothi la mbatata?"

Maynard anadziwa tanthauzo la kukhala ndi bambo mmodzi ndi wailesi imodzi. Akanakana bwanji?

"Isiyeni," anatero. "Ndiyesa."

Regina anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Maso ake anakwera pashelefu, pomwe Maynard ankabwezera wailesi ya bambo ake, n'kukhala pomwepo kanthawi.

Madzulo a tsiku lomwelo foni ya Maynard inanjenjemera.

"Ndafika bwino. Zikomo pondipukuta misozi, injiniya wanga."

Injiniya! Chichokereni kukoleji palibe anamutchulapo choncho. Anzake amene anamaliza sukulu ankamudutsa pa Manjawira m'magalimoto a kuntchito, ena kuimika dzanja, ena kuyang'ana kumbali. Anawerenga uthengawo mpaka kuuloweza.

"Injiniya wake uti, wosamaliza sukulu?" anayankha.

"Wanga ine. Pepala ndilibe nalo ntchito, ndaona manja."

Kuyambira pamenepo Maynard anaiwala ntchito zina zonse. Mawailesi a anthu anaunjikana pansi pa tebulo. Iye anachotsa kakoilo kakufa kaja, nakavula chipewa chake chachitsulo. Mkati munali waya woonda kuposa tsitsi. Anaumasula mosamala, akuwerenga mizere, napeza poduka. Anafuna waya wina m'mawailesi akufa, nakulunga mwatsopano, mpweya ataugwira. Kamtima kong'ambika kaja anakalumikiza ndi phula la kandulo.

Tsiku la msika lotsatira Regina anabwera ndi mbatata yootcha m'kapepala.

"Idya kaye, wapamtima. Waonda ngati waya wakoyo."

"Gwira apa. Usapume."

"Ndife chifukwa cha wailesi?"

"Ukafa ndikukonza."

Regina anaseka, n'kumugunda paphewa. Maynard anawotcherera timiyendo tonse, nayatsa. Kenaka, kutali ngati kuseri kwa phiri, kunamveka mawu a munthu akuwerenga nkhani!

"Yalankhula! Mayi ine, yalankhula!"

Regina anamukumbatira pamaso pa anthu onse. Koma chisangalalo chawo sichinafike patali. Wailesi itatenthera, phula linafewa, mawu aja anayamba kuthawa, kuthawa, mpaka kunatsala mvula ija padenga.

Regina anamusiya pang'onopang'ono.

"Usadandaule, Regi. Ndipeza njira ina."

"Ndikudziwa," anatero, akumusisita chala chimene chinapsa ndi mtovu. "Tamvera, Maynard. Wailesiyi ikangolankhula, ndikakuonetsa kwa abambo. Ndikawauza kuti, uyu ndi amene wakubwezerani maso. Adzakukana bwanji?"

Mawu amenewo Maynard anawasunga ngati mbewu ya chaka chamawa.

Anayesa kakoilo ka m'mawailesi atsopano a ku China. Kanakana: masiteshoni anawunjikana kumapeto kwa singano, wailesi ikulira ngati nkhumba yomangidwa. Anakwera minibasi kupita ku Balaka, kenaka ku Ntcheu paboma, kufwanthula mabokosi a okonza mawailesi anzake. Ena anamuseka.

"Achimwene, mukufuna mano a nkhuku? Zimenezo zinapita ndi Thangata!"

Mameseji okha ndiwo sankaphonya.

"Wadzuka bwanji duwa langa? Kuno ku Mlangeni kwazizira, ndikanakhala nawe pafupi."

"Ndakusowa, Regi. Ndiimbe?"

"Usaimbe, netiweki ya kuno ndi yovuta. Ndizikulembera ndine."

Tsiku lina Mayi Salome, eni golosale aja, anatulutsa mutu pawindo akusenda nzimbe.

"Iwe Maynard, chibwenzi chakochi n'cha tsiku la msika lokha ngati kaunjika?"

"Amakhala kutali, mayi."

"Kutali n'kumwamba. Kwawo unafikako? Mchemwali wake, mlongo wake, ngakhale galu wa kwawo unamuonapo?"

"Nthawi yake ikwana."

"Ine ndimakhala pawindo pano tsiku lonse, mwana wanga. Mtsikana uja akabwera, diso limodzi limakhala pa iwe, linalo pashelefupo."

Maynard anapsa mtima. Akuluakulu ena bwanji sakondwa kuona mwana wamasiye akuseka? Masana amenewo sanawagulire fanta monga ankachitira.

Koma mawuwo anamulowa. Anayang'ana wailesi ya bambo ake. Inde, ankadziwa kuyambira tsiku loyamba lija. Kakoilo koyenera kanali pomwepo, kakugwira ntchito, kakuimba. M'boma lonse la Ntcheu mwina kanatsala kokhako.

M'mawa uliwonse akamatsegula malo ake, ankayamba wayatsa wailesiyo, n'kunena chamumtima kuti, "Mwadzuka bwanji, abambo?" Pachotsegulira mawu panali podyeka, pomwe chala cha a Gracious chinkagwira zaka zonse zija. Ali mwana ankagona pamphasa, bambo ake akusaka masiteshoni akutali a zilankhulo zachilendo, n'kumamuuza kuti, "Ukadzaphunzira, udzapita konseko." Sanapite kulikonse. Anafika pa Manjawira.

Ayi, imeneyo yokha ayi.

Tsiku la msika linafikanso. Regina anabwera maso ali ofiira, wopanda mbatata yootcha.

"Opaleshoni yatheka. Akubwera sabata ya mawa."

"Regi, ndayesa paliponse."

"Paliponse?"

Sanaloze. Anangokweza maso pashelefu.

"Imene ija ndi bambo anga," Maynard anatero. "Ndilibe chithunzi chawo, ndilibe munda wawo, ndilibe ngakhale khasu lawo. Ukundipempha kuti ndiwaikenso m'manda kachiwiri?"

"Sindinapemphe kanthu ine."

Anamugwira dzanja, naliika patsaya lake lonyowa.

"Bambo ako anagona, Maynard. Anga ali moyo. Ndipo akakhala anga, si akhalanso ako? Wailesiyo siipita kwa alendo. Izidzaimba pakhomo pathu, iwe uli pomwepo, ana athu akusewera pabwalo. Ndikulonjeza pamaso pa Mulungu, sudzakhalanso wekha."

Sudzakhalanso wekha! Kodi alipo mwana wamasiye amene angamve mawu amenewa mtima wake osasungunuka?

Komabe tsiku limenelo sanavomere. Regina anakwera lole yobwerera ku Mlangeni osacheuka.

Kunadutsa masiku opanda uthenga. Maynard ankayang'ana foni ngati mlimi woyang'ana mitambo mu Disembala. Chakudya sichinkalowa. Analemba, "Regi, ndiyankhe." Analembanso, "Wakwiya?" Analembanso, "Duwa langa, ndikufa kuno."

Yankho linabwera m'mawa wina, lalifupi.

"Akubwera Lachisanu. Ine kwanga kwatha. Ngati unandikondapo, ukudziwa chochita. Ngati ayi, tsala bwino injiniya wanga."

Maynard anakhala pampando wake nthawi yaitali. Pashelefu wailesi inkaimba nyimbo ya kwaya. Anadikira kuti ithe, chifukwa bambo ake sankalola kudula nyimbo ya Mulungu pakati. Itatha, anatambasula dzanja, naika chala podyeka paja.

"Mundikhululukire, abambo. Mukanamuona, mukanamukonda."

Anazimitsa.

Anakoleza mbaula, naika chitsulo pamoto. Atatsegula kumbuyo kwa wailesiyo munatuluka fungo la fumbi ndi fodya wa bambo ake. Kakoilo kofiira kanali pamalo pake, phula la kufakitale likadali pamwamba, kosakhudzidwa chibadwire. Anasungunula mtovu pakamwendo koyamba. Dontho la msozi linagwera pachitsulo chamoto, n'kulira kuti *tsii*.

Kamwendo ndi kamwendo, mpaka kanazuka. Kanali kopepuka m'dzanja ngati njere ya nyemba. Zoona moyo wonse wa bambo ake n'kupepuka chonchi?

Anakabzala m'wailesi ya Regina. Kenaka anasema kamtengo ka nsungwi, kosongoka ngati chotokosera m'mano, nayamba kubwezera timitima tina tija tomwe mpeni unamanga. Kachikasu pang'ono. Koyera pang'ono. Kakuda. Khutu lili pansalu yakutsogolo, akumvetsera mvula ija ikusintha mawu. Pomaliza anagwira kofiira, nakapotoza pang'ono ngati akuopa kukadzutsa.

Mawu anatuluka! Oyera, odzaza, siteshoni iliyonse pamalo pake. Anaisiya ikuimba mpaka dzuwa kupendeka, kuti aone ngati ithawenso. Sinathawe.

"Regi! Yalankhula, ndipo siikusiya! Bwera udzatenge. Ndimakukonda."

Uthengawo sunayankhidwe. Anaphwanya lamulo, naimba. Foni inali yozimitsa.

Tsiku la msika anadikira pamsewu. Lole ya mbatata inafika, amayi anatsika ndi matumba awo. Regina panalibe. Lachisanu linadutsa. Kodi wadwala? Kodi abambo ake amuthamangitsa? Kodi wadzichita choipa chifukwa iye anachedwa?

Loweruka m'mawa Maynard anavala malaya ake oyera a kukoleji, nagula shuga ndi buledi kwa Mayi Salome. Munthu sapita kwa apongozi chimanjamanja.

"Ukupita kuti wavala ngati wa Mboni?" anafunsa mayiwo.

"Kukaona galu wa kwawo uja munkanena."

Mayi Salome anayang'ana pashelefu pomwe wailesi inali chete, nayang'ananso mnyamatayo. Sanaseke.

"Uyende bwino, mwana wanga."

Ulendo wonse wailesi inali pamiyendo pake, ataikumbatira kuti mabampu asaigwedeze. Minibasi inadutsa paboma, n'kuyamba kukwera mapiri. Mphepo inazizira. M'mbali mwa msewu munali milu ya kabichi ndi ndowa za mbatata.

Atatsika pa Mlangeni sanavutike kufunsa. Mayi wina wogulitsa tomato anaimirira atangoona bokosilo.

"Ii! Si wailesi ya a Silvester iyi? Yapezeka? Fulumirani nayo, bambo, pakhomo paja pali moto. Tsatani kanjira ako, nyumba ya njerwa yokhala ndi khola la ng'ombe kumaso."

Maynard ananyamuka chothamanga.

Pabwalo panaima galimoto ya nambala ya ku Joni. Mwamuna wina wojintcha, wa jekete lachikopa, anatsamira galimotoyo manja atapinda. Pakhonde panakhala nkhalamba ya magalasi akuda, ndodo ili pakati pa miyendo. Chapatali pang'ono, pansi, panagwada mkazi atazolika.

Anali Regina. Kumsana kwake, m'chitenje chobiriwira chomwe chija, munali mwana akugona.

"Odi," anatero Maynard. Mawu anatuluka ang'onoang'ono.

Regina anadzutsa mutu. Nkhope yake inachita ngati waona mzukwa masana.

"Fikani," inatero nkhalamba. "Maso angawa akadali ndi chifunga. Ndinu yani?"

"Ndine Maynard, wokonza mawailesi ku Manjawira. Ndabweretsa wailesi yanu, abambo. Mwana wanu Regina..."

"Mwana wanga ndi uyo waima pagalimotoyo, Benson. Wanditenga ku Lilongwe pochokera ku Joni. Awa ndi atengwa anga, amake Atikonda. Mwati wailesi?"

Atengwa. Amake Atikonda.

Maynard anamva m'makutu mwake mvula ija ya padenga. Buledi amene anali m'khwapa anamulemera ngati mwala. Anayang'ana mwana uja: kamutu kozungulira, makutu ngati a mwamuna wa jeketeyo.

"Alamu ake ati?" Si mmene ananenera? "Sudzakhalanso wekha." Si mmene analonjezera, pamaso pa Mulungu?

Benson anayandikira, maso ali psuu.

"Tafotokozani bwino, achimwene. Chifikireni tikufunsa mkaziyu kuti wailesi ya madala ili kuti, iye kumangolira. Ine ndanena kuti ngati anagulitsa, mawa lomwe akwere basi abwerere kwawo ku Sharpevale, mwana asiye. Inapezeka bwanji kwa inu? Mumadziwana bwanji ndi mkazi wanga?"

Maso onse anali pa Maynard. Ngakhale ng'ombe m'khola zinaleka kutafuna.

Foni inali m'thumba la malaya, pamtima penipeni. Munali zonse: duwa langa, wapamtima, ana athu akusewera pabwalo. Kungoitulutsa basi, n'kumupatsa mwamunayo kuti awerenge yekha. Kenaka n'kutsegula bokosilo, kuzula kakoilo ka bambo ake, n'kubwerera nako kwawo. Ndani akanamudzudzula?

Dzanja la Regina linapita kumsana, n'kugwira kaphazi ka mwana.

Maynard anakaona kaphaziko. Ankadziwa bwino mmene pakhomo pamakhalira anthu akamagawana zinthu mwana akuyang'ana.

Foni anaisiya m'thumba momwemo.

"Ndimawadziwa ngati kasitomala," anatero. "Wailesiyi inalowa mphemvu, inasiya kulankhula. Mayiwa anaibereka kumsana mpaka ku Manjawira kuti abambo akamabwera aipeze ili bwino. Wochedwetsa ndine. Chipangizo chake chinali chosowa."

Benson anatembenukira mkazi wake.

"Ndiye osangonena bwanji?"

"Ndinkaopa," Regina ananong'ona. Mwa zonse zimene Maynard anamva kuchokera pakamwa pake, mwina zoona zinali zimenezi.

"Bweretsani kuno," anatero a Silvester.

Anailandira ndi manja awiri, naisisita m'mbali monse ngati akuona ngati mwana wavulala. Chala chawo chinapeza chotsegulira chokha. Nyimbo inadzaza khonde lonse.

Nkhalambayo inavula magalasi, n'kupukuta m'maso.

"Ha! Chibwerereni kumigodi sinaimbepo chonchi. Mwaikamo chiyani, mwana wanga?"

"Kakoilo ka wailesi inzake."

"Nanga inzakeyo?"

"Yatonthola. Eni ake anamwalira."

"Pepani," anatero a Silvester, akugwedeza mutu motsatira nyimbo. "Koma ndiye anali munthu wosamala zinthu."

"Anali wotero."

Benson anapisa dzanja m'jekete, koma Maynard anakaniza ndi mutu. Anaika shuga ndi buledi pambali pa nkhalambayo.

"Izi n'za odwala. Ine ndithamangire minibasi."

"Ayi, mlendo sachoka chomwecho pakhomo pa Mngoni," anatero a Silvester. "Amake Atikonda, tapani mbatata, muwaperekeze afike pakanjira."

Anayenda motsogozana, Maynard patsogolo, Regina pambuyo ndi kathumba pamutu. Atapitirira khola, pomwe nyimbo inkamveka patali, Regina analankhula.

"Maynard."

"Mwanayu ankatsala ndi yani masiku a msika?"

"Ndi alamu anga aakazi."

"Foni ija?"

"Ndinaiponya m'chimbudzi Benson atangofika. Anabwera msanga, Lachisanu lisanakwane."

Maynard anaseka, kuseka kowawa kuposa kulira.

"Unaiona tsiku loyamba lomwe lija, eti? Pashelefu paja."

Regina anavomera ndi mutu.

"Ukanandiuza zoona, Regi. Ukanati, ndine mkazi wa mwini, ndalakwira apongozi, banja langa likutha. Mwina ndikanakupatsabe."

"Sukanandipatsa."

Maynard anayang'ana kumbali. Ankadziwa kuti mkaziyo sakunama.

"Benson anapita mwanayu ali m'mimba," Regina anapitiriza, misozi ikutsika. "Pakhomo pano ndine wolima, wophika, wotunga. Palibe anandifunsapo ngati ndadya. Poyamba ndinkafuna kakoilo, sindikana. Koma pambuyo pake, tsiku lija unati ukafa ndikukonza..."

"Usamalize."

"Injiniya wanga..."

"Ndati usamalize! Dzina limenelo ulisiye pomwepa."

Mwana anadzidzimuka, nayamba kulira. Regina anamugwedeza, akutsitsa kathumba ka mbatata. Maynard sanakalandire.

"Chinthu chimodzi chokha," anatero. "Muli bambo anga m'bokosi lija. Mphemvu zikadzalowanso, uzisiye. Usadzatsegulenso."

Anatembenuka, natsika kanjira kaja. Kumbuyo kwake, kuseri kwa khola, wailesi inkaimbabe, mawu ake oyera ngati mmene ankamvekera iye ali pamphasa. Anayenda msangamsanga mpaka mphepo ya ku Mlangeni inawameza.

Anafika pa Manjawira dzuwa likadalipo. Mayi Salome anamuona akutsika, malaya oyera atada ndi fumbi, manja ali lende. Anangotsegula fanta, n'kumuikira patebulo.

M'mawa mwake Maynard anatsegula malo ake monga mwa masiku onse. Dzanja linapita lokha pashelefu, chala n'kugwera podyeka paja.

"Mwadzuka bwanji, abambo?"

*Shiii.*

Anayendetsa singano kuchokera kumapeto mpaka kumapeto, pang'onopang'ono, khutu lili pansalu. Anabwereranso. Mvula yokhayokha.

Sanazimitse. Anakoka mpando, natsegula kabokosi ka machesi momwe anasungamo kakoilo kong'ambika ka Regina, nayamba kumasula waya uja kachiwiri.